Malipenga a ukwati a ku India amveka ku Ulaya

Ku Jaipur, m'dziko la India, mkwati sapita mwakachetechete kukatenga mkazi. Amakwera hatchi, patsogolo pakulira malipenga ndi ng'oma. Malipengawa adabwera ndi asilikali a Angerezi, eni dziko n'kuwasandutsa awo, monga a kunyanja adatengera perete wa asilikali n'kupanga mganda.

Koma kuyambira Julaye mpaka Novembala Ahindu ambiri sachititsa maukwati. Lipenga limangokhala pakhoma, thumba la woimba n'kuuma.

Gulu la Jaipur Kawa Brass Band, lomwe adayambitsa Hameed Khan, lidapeza msika wina: zikondwerero za ku Ulaya. Lidapita ndi wovina wachikazi yemwe, ndipo azungu adavina nyimbo za ukwati pabwalo popanda mkwati.