Ndale Zinalowa M'kalasi ku Kasungu

Kale ku Kasungu, kwawo kwenikweni kwa Ngwazi Kamuzu, phunziro la za boma linali lalifupi zedi. Tangoganizani kalasi ya m'ma 1980: chithunzi cha Kamuzu chili ndee pamwamba pa bolodi, ana ali phee, mphunzitsi akuwaloweza nsanamira zinayi, umodzi, kumvera, kukhulupirika ndi kusunga mwambo. Chipani n'chimodzi kuyambira 1966, Pulezidenti ndi wamuyaya kuyambira 1971. Wadziwa zimenezo, basi wakhoza. Mayeso ake enieni ankachitikira pachipata cha msika, pomwe ayufi ankaima kufuna khadi la chipani. Mwana akalimba mtima n'kufunsa kuti "chifukwa chiyani?", mphunzitsi ankasuzumira kaye pazenera, kenaka n'kuti tsegulani tsamba lina. Kundende ya Mikuyu malo sankasowa.

Chosekesa n'chakuti pa Mtunthama, pafupi ndi mtengo wa kachere womwe Kamuzu anaphunzirapo ali mwana, Kamuzu Academy inatsegulidwa mu 1981, ana akuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Za mikangano ya akuluakulu a ku Roma wakale mwana ankatha kuzikamba mokweza, koma za aphungu a ku Zomba, pakamwa tseke! Ngakhale funso lapafupi, loti bwanji fodya wa bale amalimidwa m'maesiteti mokha pomwe mlimi wam'mudzi saloledwa, linkangofera kukhosi.

Kenaka zinthu zinatembenuka mwaliwiro. Kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992. Pa riferendamu ya pa 14 June 1993 nyali ya zipani zambiri inagonjetsa tambala wa chipani chimodzi, ngakhale kuti chigawo chapakati ambiri anavotera tambala yemweyo. Mu 1994 kunabwera chisankho cha zipani zambiri ndi malamulo atsopano oyendetsera dziko. Ntchito yaikulu inagwera aphunzitsi. Anthu amene anakula akunong'ona anayenera kuphunzira kaye okha za ufulu wachibadwidwe, mabuku ali ochepa, ena akudalira wailesi ndi nyuzipepala yadzana, kuti mawa akaime kutsogolo kwa ana n'kutchula mawu oti "otsutsa boma" mawondo osagwedezeka.

Ndiye lero lowani mu Fomu 4 pa sekondale yoyendera iliyonse ya m'zidikha za fodyazi, nthawi ya Social Studies. Mudzayesa mwalowa m'Nyumba ya Malamulo. Pabolodi pali nthambi zitatu za boma: ya Pulezidenti ndi nduna zake, ya aphungu, ndi ya makhoti, mivi ikuloza uku ndi uku kusonyeza kuti iliyonse ili ndi woiletsa. Mtsikana wa kumbuyo, m'manja muli phula la fodya yemwe anasoka dzulo, waimirira kufotokoza Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko, loti phungu akadumphira chipani china mpando wake ukhoza kupita. Mnyamata wapafupi ndi khomo akumutsutsa kuti lamulolo limangouwa, sililuma. Mphunzitsi? Akungoseka, choko chili m'manja, akudikira kuti awapatse mamalikisi onse awiri.

Ndipo zitsanzo sakukazitenga kutali. Ana awa amadziwa kuti pa 3 February 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019, chija cha tipeksi, n'kulamula kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Makolo awo anagona pawailesi tsiku lonse kumvera chigamulocho. Anawo amachisanthula m'kalasi masana dzuwa likuswa mtengo. Za fodya nazo zalowa: ndani amaika mitengo yoyambira, bwanji mabelo amabwezedwa ku okushoni ya Chinkhoma, ndipo lamulo la mu 2021 lothetsa utenanti lafika pati m'maesiteti.

Vuto lagwera agogo. Mdzukulu akaweruka amawapeza pachigafa n'kuwauza kuti ngakhale Pulezidenti akhoza kutengeredwa kukhoti. Agogo amati zamwano, mwana amati zili m'buku, amayi ake amalowererapo, aneba nawo amabwera ndi mfundo zawo, mpaka nsima kuzizira mkangano usanathe.