Kusankha mitengo ndi maluwa oti pakhomo pasafote m'chisanu ndi m'chilimwe

Mbande zambiri zimasankhidwa mu Disembala ndi Januwale, pamene chomera chilichonse chili chobiriwira. Nthawi imeneyi keshya, gilisidiya, mango ndi mbawa zimaoneka zokongola chimodzimodzi pa nazale. Kusiyana kwake kumadzaoneka mu Julayi ndi Ogasiti: mitengo ina yayoyola masamba, udzu wauma, mphepo ikuulutsa fumbi pabwalo ndipo ana asowa pothawira dzuwa. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, koma kusankha mtundu wa mtengo kuyenera kuchitika nyengoyi isanafike. Langizo lathu kwa alangizi ndi alimi otsogolera ndi ili: chomera cha pakhomo, pa sukulu kapena pa munda wachitsanzo chisankhidwe poona mmene chimakhalira kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Pakhomo posankhidwa motero pamakhala mthunzi, zipatso ndi chakudya cha ziweto pa nthawi imene zonsezi zimasowa.

Chifukwa chake mitengo imasiyana

Mtengo umataya madzi kudzera m'masamba. Mvula ikaleka mu Epulo, nthaka yapamwamba imauma, ndipo mitengo ina imadziteteza poyoyola masamba onse. Mlambe umatero, gilisidiya amatero, keshya wa maluwa amateronso. Mitengo ina ili ndi mizu yozama yofika pa chinyontho cha pansi, kapena masamba ochindikala osataya madzi msanga, choncho imakhala yobiriwira chaka chonse. Palinso gulu lachitatu, la zomera zimene zimachita maluwa chifukwa cha kuzizira, kuuma kwa nthaka kapena kutalika kwa usiku. Pakhomo pabwino pamafunika zomera za magulu awiri omalizawa, ndipo zoyoyola zipatsidwe malo ake kumunda.

Yambani ndi mitengo yosayoyola

Mango ndiwo mtengo woyamba kuuganizira m'madera ambiri. Sataya masamba, amachita maluwa m'miyezi yozizira chifukwa kuzizira ndiko kumayambitsa maluwawo, ndipo zipatso zimapsa chakumapeto kwa chaka. Mango omezanitsa amayamba kubereka patatha zaka 3 kapena 4 ndipo satenga malo ambiri. Malalanje, mandimu ndi manachesi nawonso sayoyola, ndipo zipatso zake zimapsa m'nyengo yozizira yomweyi, monga amadziwira anthu a ku Mwanza. Mapeyala amachita bwino kumadera a mvula yambiri monga Thyolo, Mulanje ndi Zomba.

Pa mitengo yachilengedwe, msikidzi uli ndi mthunzi wothithikana ndipo ndi woyenera pabwalo la sukulu kapena pamalo a misonkhano. Mbawa imakula kwambiri, choncho ibzalidwe m'mbali mwa msewu kapena m'malire, kutali ndi nyumba. Masuku amasunga masamba ambiri m'chilimwe. Akatswiri a bungwe la ICRAF anachita kafukufuku wa nthawi yaitali pa malo a kafukufuku a Makoka ku Zomba woti masuku azibzalidwa ndi kumezanitsidwa ngati zipatso zina. Kumadera otentha monga chigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja, nimu ndi bwemba zimapirira dzuwa, pamene masawu amabereka pakati pa chisanu penipeni.

Samalani ndi keshya, chifukwa ndi wa mitundu iwiri. Keshya wa milimo amasunga masamba, pamene keshya wa maluwa amakongola chakumapeto kwa dzinja kenako n'kuyoyola. Mbande zake zikakhala zazing'ono zimasokoneza, ndiye funsani kumene mbewu inachokera.

Msangu: mtengo wa nyengo yotembenuka

Msangu umachita zosiyana ndi mitengo ina yonse. Umayoyola masamba mvula ikayamba, ndipo umaphuka mvula ikatha. M'miyezi imene munda uli mbee, msangu umakhala wobiriwira, ndipo nyemba zake zimagwa chakumapeto kwa chilimwe, pamene ng'ombe ndi mbuzi zilibe msipu. M'dzinja suphimba chimanga, ndipo masamba ake amawonjezera chonde m'nthaka. Ku Zambia, bungwe la Conservation Farming Unit limalangiza kubzala misangu motalikirana mamita 10 mbali zonse, zomwe zimapereka mitengo 100 pa hekitala. Mlimi auzidwe zoona: msangu umachedwa kukula pa zaka zoyamba chifukwa umayamba watsitsa muzu wautali, uli ndi minga, ndipo malo ake ndi m'munda wozungulira pakhomo kapena pafupi ndi khola, osati pamene ana amasewera.

Maluwa otsatizana mwezi ndi mwezi

Ndi zomera zochepa zimene zingachite maluwa miyezi 6 yonse popanda kuthirira. Njira yake ndi kusakaniza zomera zoti china chikamatha china chiziyamba.

Kuyambira Meyi mpaka Julayi, poinsettia, chitsamba chochokera ku Mexico, amafiira masamba a kunsonga. Chimene chimayambitsa kufiirako ndi usiku wautali, n'chifukwa chake akabzalidwa pansi pa babu loyaka usiku wonse safiira bwino. Nthawi yomweyi abale akutchire a alovera amatulutsa maluwa ofiira amene amakopa mbalame zoyamwa timadzi ta maluwa. Mtundu wina wopezeka pa miyala m'mapiri athu, Aloe cameronii, umasanduka wofiirira masamba onse kukauma. Zomerazi zimafuna malo a dzuwa osadikha madzi. Tengani ana ake kwa anzanu amene anabzala kale, musakazule za m'mapiri.

Kuyambira Julayi mpaka Seputembala, muwale umachita maluwa ofiira uli wopanda masamba, ndipo gilisidiya amachita maluwa ofiirira motuwa. Yonse iwiri imamera ndi zikhomo zodulidwa, ndiye ndi yabwino pa mpanda. Chakumapeto kwa nyengoyi mitengo ya mombo imatulutsa masamba atsopano ofiira mvula isanabwere. Pamene pali zitsa zake zophukira m'mbali mwa mudzi, kuzisamala n'kosavuta kusiyana ndi kubzala mbande. Mu Seputembala ndi Okutobala jakaranda amadzaza misewu ya Blantyre, Zomba ndi Lilongwe ndi maluwa ake, koma amakhala nthawi wopanda masamba, choncho asakhale mtengo wokhawo wa mthunzi.

Bougainvillea amalumikiza miyezi yonseyi. Amachita maluwa kwambiri pa dzuwa ndi pa nthaka youma. Akathiriridwa kwambiri kapena kupatsidwa feteleza wa yureya, amangochuluka masamba maluwa n'kuchepa.

Mipanda ndi zomera zapansi

Nandolo ndi mbewu imene alimi ambiri saiwerengera pa zokongoletsa, chonsecho imakhala yobiriwira chimanga chitakololedwa, imachita maluwa achikasu ndipo imapereka ndiwo m'chisanu. Mizere iwiri ya nandolo wa mtundu wa Mwaiwathualimi kapena Kachangu m'mbali mwa njira yolowera pakhomo imatchinga fumbi ndi kudyetsa banja. Vetiva amagwira nthaka pa akalozera ndi m'mbali mwa ngalande, ndipo akadulidwa mvula itangotha amaphukanso bwino. Nkhadze ndi mpanda wosafota, koma utomoni wake umapweteka maso kwambiri, choncho isabzalidwe pa sukulu za mkaka kapena pafupi ndi chitsime.

Dera lanu ndi lotani?

Chisanu cha ku Nsanje si chisanu cha ku Dedza. M'madera okwera monga Dedza, Tsangano ku Ntcheu ndi Viphya, mu Juni ndi Julayi mumagwa chisanu chowaula masamba, makamaka m'madambo chifukwa mpweya wozizira umatsetsereka n'kukhazikika kumunsi. Mbande za mango, mapapaya, nimu ndi cham'mwamba zimapsa ndi chisanu chotere. Zibzalidwe kumtunda, ndipo zikakhala zazing'ono zimangiridwe kamsasa ka udzu. Ku mapiri a Thyolo ndi Mulanje, chiperoni chimabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza, motero zomera zofuna chinyontho zimapirira. M'mphepete mwa nyanja vuto ndi mphepo ya mwera, ndipo mbande zimafuna chochirikiza.

Zomera zoyenera kuzipewa

Zomera zina zimakongola m'chilimwe koma zimalanda malo. Lantana amafalitsidwa ndi mbalame, amatseka msipu ndipo ndi poizoni kwa ng'ombe. Mtengo waminga wa Prosopis, umene unabwera kuchokera kunja, wafalikira m'chigwa cha Shire ndi kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Deliya ndi keshya wa maluwa zimamera zokha m'mbali mwa mitsinje ndi nkhalango zikapanda kudulidwa zisanabereke njere. Bulugamu sayoyola, koma amamwa madzi ambiri, ndiye akhale kutali ndi zitsime, madimba ndi nyumba.

Chilimwe choyamba ndicho chovuta

Ngakhale mtengo wopirira chilala umafa ukasiyidwa wokha chaka choyamba, chifukwa mizu yake imakhala isanazame. Kumbani dzenje la masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya kwa mitengo ya zipatso, ndipo sakanizani dothi lapamwamba ndi manyowa owola bwino. Bzalani mvula ikangokhazikika, osadikira Malichi. Mvula ikatha, pangani beseni ndi kuphimbira ndi udzu, koma udzuwo usakhudze tsinde poopa chiswe. Kuthirira mokwanira kamodzi kapena kawiri pa sabata kumathandiza kusiyana ndi kuwaza pang'ono tsiku lililonse, chifukwa mizu imatsatira madzi pansi. Madzi otsukira mbale ndi a kubafa angagwire ntchito pa mitengo ngati alibe mankhwala oyeretsera zovala. Tchingirani mbande ziweto zisanamasulidwe pambuyo pokolola, ndipo lambulani udzu mozungulira moto wolusa usanayambe.

Ntchito ya alangizi ndi alimi otsogolera

Mu Ogasiti, yendani ndi gulu lanu m'mudzi, kumanda, pa tchalitchi, pa mzikiti ndi pa sukulu. Lembani mitengo imene ili yobiriwira popanda kuthirira, imene ili ndi maluwa ndi imene ili ndi zipatso. Mitengo imeneyo yayesedwa kale ndi nthaka ndi nyengo ya dera lanu. Kenako jambulani kalendala ya miyezi 6, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndipo pa mwezi uliwonse pakhale chomera chimodzi kapena ziwiri. Mwezi wopanda dzina ndiwo ukuuzeni mbewu yoti mufese pa nazale mu Seputembala. Mukakayika za dzina kapena mtundu wa chomera, tengani nthambi yokhala ndi masamba ndi maluwa n'kupita nayo ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu musanachulukitse mbande zake.