GALASI LA GALIMOTO YAKALE LIKAYAMBA KUDONTHA

M'chigawo chapita tidakambirana za mmene dzimbiri limadyera chitsulo pamene madzi ndi mpweya zakumana. Lero ndifuna kukusimbirani, aŵerengi, mmene phunziro lomwelo lidandipezera kunja kwa kalasi, ine mphunzitsi wa sayansi ndili chigonere.

Malume anga atatisiya mu 2019, banja lidagwirizana kuti galimoto yawo, Peugeot 404 ya mu 1972, ikhale m'manja mwanga. Achinyamata amaiseka ikamadutsa, koma mtundu umenewu uli ndi mbiri. Udayamba kupangidwa ku France mu 1960, udapambana mpikisano wa East African Safari Rally mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo ku Kenya adapitiriza kuupanga mpaka 1991. Kwa ine, choposa zonsezi nchakuti ndi galimoto imene idanditula kusekondale tsiku loyamba, bokosi langa lili pamwamba.

Tsiku lina mu Disembala mvula idagwa usiku wonse kuno ku Zomba. Ndinali nditaiŵala mtolo wa mapepala a mayeso a Fomu 3 pansi, kutsogolo kwa mpando. Mmaŵa ndidapeza mtolowo uli chonyowa, inki itayenderera, mayankho a ana ena osaŵerengekanso. Mazenera onse anali otseka. Madzi adaloŵera m'mphepete mwa galasi lakutsogolo.

Mopupuluma ndidakagula silikoni wa m'sitolo ya zomangira nyumba, nkumata kuzungulira galasi lonse. Sipadathe milungu iŵiri, madzi adabwerera. Pamenepo ndidapita kwa bambo wina wachikulire amene wakhala akukonza galimoto ine ndisadabadwe. Adatsegula chubu chimene ndidabwera nacho nati, "Aphunzitsi, tanunkhizani apa." Lidali fungo la viniga. "Nanga inu simuphunzitsa ana kuti asidi amadya chitsulo?" Ndidagwetsa nkhope. Silikoni wamtundu umenewu akamauma amatulutsa asidi, ndipo pamene wakhudza utoto sugwiranso. Komanso ndidatsekera madzi m'kati mmalo moŵatsekera kunja. Akuluakulu adanena kuti safunsa adadya phula.

Tiyeni timvetse kaye mmene galasi limakhalira. M'galimoto za masiku ano limamatidwa kuchitsulo ndi guluu wolimba. M'galimoto zakale mulibe guluu; galasi limagwidwa ndi lamba wa mphira wokhala ndi ngalande ziŵiri, ina yoloŵamo galasi, ina yoluma mlomo wa chitsulo cha galimoto. Mphira ikadali yofeŵa imafinya mbali zonse ziŵiri ndipo madzi sapeza njira. Mphira yachilengedwe imachokera ku utomoni wa mtengo, ngati mitengo ya ku Vizara m'boma la Nkhata Bay, ndipo njira yoilimbitsa poitenthetsa pamodzi ndi sulufule idalembetsedwa ndi Charles Goodyear mu 1844. Komabe dzuŵa ndi mpweya zimaigonjetsa pang'onopang'ono: imauma, imakhwinyata, imang'aluka. Madzi akaloŵa amatsetsereka nkukadikha m'ngodya ziŵiri zam'munsi, mmene palibe diso lingaone.

Mkulu uja sadayambe ndi kuchotsa galasi. Adati, "Pamene madzi akudonthera si pamene aloŵera." Choyamba adachotsa masamba m'mabowo otulutsira madzi amene ali pansi pa galasi, pakuti mabowoŵa akatsekeka madzi amasefukira m'kati ndipo mwini galimoto amanamizira mphira. Kenaka adandikhazika m'kati ndi tochi, iye nkumathira madzi pang'onopang'ono kuyambira m'munsi kumakwera. Ukayambira pamwamba paliponse pamanyowa ndipo sudziŵa poloŵera. Atafika pangodya yakumanzere, dontho lidaonekera.

Mng'alu ukakhala waung'ono, mphira ili yofeŵabe, nkokwanira kutukula mlomo wake ndi kufinyiramo phula lakuda losauma lotchedwa butyl. Yanga idali itauma gwa ngati chikopa. Ndidaitanitsa yatsopano kunja ndipo ndidadikira milungu isanu, galimoto itafunda lona.

Tsiku la ntchito, mkuluyo adadula mphira yakale ndi mpeni wakuthwa mmalo mokankha galasi. Mphira imapezeka, koma galasi la galimoto ya zaka zoposa 50 likasweka ungalifune chaka chathunthu. Titalinyamula nkuligoneka pabulangete, tidaona chimene ndinkaopa: mlomo wa chitsulo udali wofiira ndi dzimbiri, ndipo pangodya ija padali bowo loloŵa chala. Mphira yatsopano siingalume chitsulo chimene palibe. Tidapala dzimbiri lonse ndi burashi ya waya ndi sandipepala mpaka chitsulo chidayera, wowotcherera adaikapo chigamba, tidapaka mankhwala oletsa dzimbiri ndi utoto, nkusiya masiku atatu kuti ziume. Ntchito yaikulu idali imeneyi, ngakhale lero palibe amene amaiona.

Kubwezera galasi ndi luso losavuta kulimva, ndipo chida chake ndi chingwe chabe. Tidayanika mphira padzuŵa kuti ifeŵe, tidaiveka kuzungulira galasi, kenaka tidaloŵetsa chingwe cha nayiloni m'ngalande yoluma chitsulo, nsonga zake ziŵiri zikupingasana pakati m'munsi. Tidapaka madzi a sopo kuti paterere. Mafuta a injini kapena girisi ayi, chifukwa amaononga mphira. Galasi tidalikhazika pamalo pake kuchokera kunja, nsonga za chingwe zili m'kati. Mutu umodzi susenza denga: ine ndidali kunja, kukanikiza ndi zikhatho zotambasula, mkuluyo ali m'kati kukoka chingwe. Chingwe chikamatuluka chimakoka mlomo wa mphira nkuugwetsera kuseri kwa chitsulo. "Musamenye, aphunzitsi, ingotsatirani dzanja langa," adandichenjeza motero. Pangodya adakoka mozunguliza, pang'onopang'ono, kuti chingwe chisadule mphira. Chingwe chitatuluka pamwamba, galasi lidakhala phee. Tidathira ndowa zitatu za madzi, ndipo m'kati mudali mouma.

Ana a Fomu 3 aja, amene mayankho awo adafufutika, adalembanso mayeso, ndipo ndidaŵapepesa pamaso pa kalasi yonse. Ndikadazengereza nyengo zina ziŵiri za mvula, dzimbiri likadatsikira pansi pa galimoto, ndipo choloŵa cha malume chikadasanduka chogonamo nkhuku.

Kwa inu amene mwangotsiriza sukulu ndipo mukusinkhasinkha za ntchito zamanja, onani kuti mkuluyu sadagwiritse makina odula. Adali ndi mpeni, chingwe, sopo ndi chizoloŵezi chofufuza gwero la vuto asadakhudze kanthu. Ndipo kwa aphunzitsi anzanga: pophunzitsa za dzimbiri, tulutsani ana m'kalasi, mukatukule nawo mphira ya galimoto yakale iliyonse imene yaima pafupi. Adzaona ndi maso zimene timalemba pabolodi.

M'chigawo chikubwerachi tidzaona chifukwa chake magalasi ena akasweka amayoyoka ngati mchere, pamene ena amangong'aluka osagwa.