Pepala Lopakidwa Zocokera ku Zomera: Limawolera Kuti, Nanga Liyenera Katundu Wotani?

Mlimi akakolola nchito yake imakhala isanathe, pakuti katundu ayenera kufika kwa wogula ali bwino. Kwa zaka zambiri takhala tikulongedza zokolola m'mapulasitiki opyapyala, ndipo kuipa kwake timakuona m'minda ndi m'makola. Khasu limafukula mapulasitiki amene anatayidwa kalekale ali cikhalire, ndipo ng'ombe kapena mbuzi ikawameza amaunjikana m'cifu, ciweto n'kumaonda ngakhale cikudya, mwinanso kufa kumene. Mu 2018 boma la Zambia linatulutsa lamulo la Statutory Instrument No. 65, loyang'aniridwa ndi bungwe la ZEMA, loletsa matumba a pulasitiki amene kucindikala kwake sikufika ma micron 30. Micron ndi gawo limodzi la milimita yogawidwa magawo 1,000. Rwanda analetsa matumba a pulasitiki mu 2008 ndipo Kenya anatsatira mu 2017.

Cifukwa ca malamulo otere, amalonda ambiri akutembenukira ku pepala, ndipo pa matumba ndi makapu ena pamalembedwa mawu acingelezi akuti "biodegradable" kapena "compostable", kutanthauza kuti cinthuco cimawola. Mawu amenewa tisawakhulupirire msanga. Cimene cimalamula ngati pepala lidzawola, ndi kumene lingawolere, ndi cinthu cimene analipaka pamwamba. M'nkhani ino tizicichula kuti khungu la pepala.

Pepala limapangidwa ndi ulusi wa mitengo kapena wa zomera zina, monga zotsalira za nzimbe zikafinyidwa, zija zimene ku Nakambala ku Mazabuka amasonkhezera moto wa fakitale. Ulusi umenewu umawola mosavuta, koma umamwa madzi ndi mafuta, ndipo pakati pake pali timipata timene mpweya umadutsa. Ndiye cifukwa cake pepala wamba limanyowa likakulunga vitumbuwa. Kuti atseke timipatato, opanga makapu ndi mabokosi a cakudya akhala akupakapo khungu la polyethylene, pulasitiki yocokera ku mafuta okumbidwa pansi. Kapu yotere imaoneka ngati pepala lokhalokha, koma ikakwiriridwa ulusi umawola ndipo khungu limatsala m'nthaka, n'kumaduka tizidutswa ting'onoting'ono. Mapepala ena osalowa mafuta amathiridwa mankhwala a gulu la PFAS, amene amakhala m'madzi ndi m'nthaka zaka zosawerengeka. Dziko la Denmark linawaletsa m'mapepala okulungira cakudya mu 2020.

Makungu ocokera ku zomera alipo a mitundu ingapo, ndipo uliwonse uli ndi mphamvu ndi cofooka cake. Woyamba ndi sitachi wa cinangwa, cimanga kapena mbatata. Iyeyu amaletsa bwino mafuta ndi mpweya, ndipo amawola msanga m'nthaka wamba, koma amafewa akakhudza madzi. Waciwiri ndi phula la zomera, monga la soya kapena la carnauba locokera ku masamba a mgwalangwa wa ku Brazil. Phula limathamangitsa madzi, koma limasungunuka likatenthedwa ndipo limang'aluka pamene pepala lapindika. Phula la njuci, limene limaculuka kumpoto cakumadzulo kwa dziko lathu lino, limagwira nchito mofananamo ngakhale silicokera ku comera mwacindunji. Palinso khungu la ndere za m'nyanja yamcere, limene kampani ya Notpla ya ku London imapaka m'mabokosi a cakudya, ndipo inalandira nalo mphoto ya Earthshot mu 2022.

Mtundu umene umasoceretsa anthu ambiri ndi PLA. Opanga amasandutsa sitachi kukhala shuga, kenako tizilombo tosaoneka ndi maso timasasitsa shugayo n'kutulutsa asidi yemweyo amene amapezeka mumkaka wosasa. Asidiyo akalumikizidwa m'makina amasanduka pulasitiki yoonekera mkati, yosalowa madzi kapena mafuta. Inde imacokera ku zomera, koma imawola bwino pokhapokha ikakhala pa cinyontho ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 58 kwa milungu yambiri. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 13432 umafuna kuti cotengera ciphwanyike m'milungu 12, ndiponso kuti magawo 90 pa 100 akhale atawola m'miyezi 6, koma umanena za malo opangira komposti a mafakitale. Mulu wathu wa komposti, ukaunjikidwa bwino, umafika kutentha kotero pakati pake kwa masiku ocepa cabe, ndipo m'mbali mwake mumakhala mozizira. Conco kapu ya PLA yotayidwa m'munda ikhoza kukhalamo zaka.

Tisanagule matumba ambiri, tingawayese m'njira zosadya ndalama. Tidontheze madzi pa kacidutswa kena ndi mafuta ophikira pa kena, tidikire theka la ola, ndipo tione ngati kuseri kwanyowa. Kenako ting'ambe pepalalo pang'onopang'ono. Ngati pakutanuka kakhungu koonekera mkati, ndiye kuti ndi polyethylene kapena PLA, ndipo zonse ziwiri sizoyenera kukwirira m'munda. Komabe pepala long'ambika bwinobwino likhozanso kukhala ndi pulasitiki yothiridwa ngati madzi, conco mayeso omaliza ndi nthaka yeniyeniyo. Tikwirire zidutswa zingapo mu mulu wa komposti, tizikepo cikhomo, ndipo tizifukula mwezi uliwonse. Pakatha miyezi itatu, cimene catsala cidzatiuza zoona kuposa mawu osindikizidwa pa thumba.

Tikadziwa khungu, tisankhe katundu woliyenera. Vitumbuwa, nshawa zokazinga ndi buledi zimene zidzadyedwa tsiku lomwelo zimakhala bwino m'pepala lopakidwa sitachi. Lotere ndi labwino kuposa nyuzipepala, imene inki yake imasungunukira m'mafuta, ndi kuposanso mapepala a matumba a simenti. Bowa amakhalitsa m'pepala lopuma kusiyana ndi m'pulasitiki yomanga, momwe amatuluka thukuta n'kuwola. Mbande za matimati, repu ndi kabichi, zimene zimakhala pa nazale milungu 4 mpaka 6, zingafesedwe m'timiphika ta pepala lomatidwa ndi phala la cinangwa, n'kuwokedwa pamodzi ndi kamphikako mizu yosasokonezedwa. Mbande za mitengo zimakhala pa nazale miyezi yambiri zikuthiriridwa tsiku ndi tsiku, ndipo pepala limaphwasuka nthawi yowoka isanakwane.

Pali katundu wina amene sitiyenera kumuika pa ngozi. Mfutso, ufa wa soya ndi nshawa zosungira nyengo ya mvula zimakoka cinyontho ca mumpweya, ndipo khungu la sitachi silingaciletse. Nshawa zikanyowa zimacita cuku cimene cimatulutsa poizoni wa aflatoxin, woononga ciwindi. Sitachi amakopanso mphemvu ndi makoswe. Cimanga cosungidwa m'matumba osalowa mpweya, monga a PICS, cimatetezedwa cifukwa anankafumbwe amasowa mpweya, ndipo pepala silingagwire nchito imeneyo. Pamenepa nzeru ndi kugwiritsa nchito mabotolo, zitini zotsekeka bwino kapena pulasitiki yocindikala, n'kuzisamala kuti zitumikire nyengo zingapo.

Nkhaniyi imakhudzanso mlimi ngati wogulitsa, pakuti sitachi ndi shuga zopangira makungu amenewa zimacokera m'munda. Cinangwa cimene cimalimidwa kwambiri ku Luapula ndi kumpoto cili ndi sitachi woculuka, ndipo cimapirira cilala. Koma fakitale imafuna cinangwa coyera, couma bwino ndi cobwera moculuka pa nthawi yake, zimene mlimi mmodzi payekha sangakwanitse popanda gulu. Tisanakulitse munda cifukwa ca mbiri ya msika watsopano, tiyambe tapeza wogula, tamvana naye mtengo, ndipo tasiya cakudya cokwanira ca pakhomo.