Kuyenda pa Njinga m'Misewu ya M5 ndi M18 ku Nkhotakota

Unduna wa za Mtengatenga ndi Mtokoma ukufotokozera alimi, amalonda ndi onse oyenda pa njinga zakapalasa za misewu iwiri ikuluikulu ya m'boma la Nkhotakota.

Msewu wa M5 umatsata gombe la nyanja kuchokera ku Salima, kudzera pa Benga ndi dziwe la Chia, kufika paboma ndi kupitirira mpaka ku Dwangwa. Zitunda ndi zochepa, ndipo njira yonse ndi minda ya chinangwa, madambo a mpunga ndi minda ya nzimbe. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mphepo ya mwera yochokera kummwera. Wolowera ku Dwangwa imamukankha, koma wobwerera ku Salima atasenza thumba la mpunga imamulemetsa, kotero ndi bwino kulawirira mphepoyo isanakule. Nyengo yomweyi ndi yodula nzimbe. Magalimoto onyamula nzimbezo ndi aatali, msewu ndi wopapatiza, choncho wanjinga ayende kumanzere kwenikweni ndipo pa milatho ing'onoing'ono adikire galimoto iyambe yawoloka. Katundu wopingasa, monga nsungwi ndi malata, ndi woopsa kwambiri madzulo ngati njinga ilibe nyali.

Msewu wa M18 ndi wina. Umakwera mapiri kulowera ku Kasungu podutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015. Njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira m'nkhalangoyi mu 2016 ndi 2017 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Wanjinga asalowe asanafunse alonda a pachipata, ndipo mabuleki akhale ogwira bwino, chifukwa potsikira kunyanja pali mitsetse yaitali.