Sabata la Ayuda: maola 25 osayatsa moto

Lachisanu m'mawa, msika wa Mahane Yehuda mumzinda wa Jerusalem umadzaza osaona popondapo. Anthu amapanikizana pa mabenchi a nsomba, nkhuku, zipatso ndi buledi woluka wotchedwa challah. Dzuwa likangopendeka, ogulitsa amatsitsa mitengo kuti katundu athe, ndipo zitseko za mashopu zimatsekedwa chimodzichimodzi. Kukatsala mphindi 40 kuti dzuwa lilowe, sayirini imalira. Mabasi amakhala ataima kale, misewu ili zii. Sabata lafika.

Kwa Ayuda, tsiku limayamba dzuwa likalowa, potsatira momwe buku la Genesis limawerengera masiku a chilengedwe. Motero Sabata limalowa Lachisanu madzulo n'kutuluka Loweruka usiku nyenyezi zitatu zikaoneka, pafupifupi maola 25.

Guwa lili pakhomo

Mlendo angaganize kuti zonse zimachitikira ku sunagoge, koma mwambo umayambira m'nyumba. Mayi wa pakhomo amayatsa makandulo awiri, n'kuphimba maso ndi manja popereka dalitso. Makandulowo ndi awiri chifukwa lamulo la Sabata linalembedwa kawiri, pa Eksodo 20 ndi pa Deuteronomo 5. M'mizinda yambiri amawayatsa kutatsala mphindi 18 kuti dzuwa lilowe.

Opita ku sunagoge madzulowo amakaimba masalimo ndi nyimbo ya Lecha Dodi, yomwe Shlomo Alkabetz analemba ku Safed m'zaka za m'ma 1500. Pa ndime yomaliza mpingo wonse umatembenukira kukhomo n'kuwerama, kulandira Sabata ngati mkwatibwi.

Akabwerako, makolo amasanjika manja pa mitu ya ana n'kuwadalitsa. M'mabanja ambiri mayi amaimbiridwa mawu a pa Miyambo 31 otamanda mkazi wangwiro. Kenako bambo amanyamula chikho cha vinyo n'kunena pemphero lopatula tsikuli, lotchedwa kiddush. Onse amasamba m'manja ndipo sayankhula mpaka atalawa buledi. Mabuledi amakhala awiri, kukumbukira mana omwe ana a Israel ankatola miyeso iwiri tsiku lachisanu ndi chimodzi m'chipululu.

Buledi uja amamuwaza mchere, monga ansembe ankachitira ndi nsembe za pa guwa. Apa mpamene pali mbiri. M'chaka cha 70, Aroma anagumula Kachisi wa ku Jerusalem, nsembe n'kuthera pomwepo. Aphunzitsi achiyuda anaika mapemphero m'malo mwa nsembe, ndipo tebulo la pakhomo analiyerekeza ndi guwa. Ichi n'chifukwa chake Myuda wa ku Yemen, wa ku Poland ndi wa ku Morocco ankatha kusunga tsiku lomwelo kwa zaka mazanamazana popanda Kachisi, popanda dziko lawolawo.

Ntchito 39

Malamulo a Mose amaletsa ntchito pa Sabata, koma satchula zonse. Mndandanda wake uli mu Mishnah, buku la malamulo lomwe Rabbi Yehuda HaNasi anasonkhanitsa cha m'ma 200. Muli mitundu 39 ya ntchito, ndipo aphunzitsi amati ndi zomwe zinkagwiridwa pomanga chihema chopatulika m'chipululu: kulima, kufesa, kukolola, kupera, kukanda ufa, kuphika, kuluka, kumanga mfundo, kusoka, kulemba, kumanga nyumba, kuyatsa ndi kuzimitsa moto, ndi zina.

Muyeso wake si thukuta ayi. Munthu atha kusuntha mpando wolemera m'nyumba osalakwa, koma kukhwatcha machesi n'kuswa lamulo. Choletsedwa ndi kupanga chinthu chatsopano kapena kusintha chilengedwe, popeza Mlengi naye analeka kulenga tsiku lachisanu ndi chiwiri.

Ayuda osunga mwambo mosamalitsa, a Orthodox, amaika magetsi m'gulu lomwelo. Sayatsa getsi, sagwira foni, sayendetsa galimoto, sagwira ndalama. Amatchera mawotchi oyatsa ndi kuzimitsa magetsi okha. M'mahotela ndi m'zipatala zambiri za ku Israel muli chikepe choima chokha pa nsanjika iliyonse kuti wina asadine batani. Chakudya chotentha cha Loweruka masana chimaikidwa pamoto Lachisanu n'kugona pomwepo: nyemba, nyama ndi mbatata zomwe Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya amati cholent, pomwe a ku Morocco ali ndi chawo chotchedwa dafina.

Kunyamula katundu panja nakonso n'koletsedwa, ngakhale makiyi. Pofuna kuti mabanja aziyenda ndi makanda, madera ena amazunguliridwa ndi waya wopyapyala pamwamba pa mapolo, wotchedwa eruv, kuti dera lonselo liwerengedwe ngati bwalo limodzi. Wayayu alipo ku Manhattan mumzinda wa New York, komanso m'madera ena a Johannesburg.

Pali lamulo limodzi loposa onsewa: kupulumutsa moyo. Mayi akayamba kumva zowawa za kubereka, galimoto imalizidwa. Madokotala amagwira ntchito, ma ambulansi a Magen David Adom amayenda. Nkhondo itabuka pa 6 October 1973, tsiku lomwe linali Sabata komanso Yom Kippur (Tsiku la Chitetezero), asilikali a Israel anatuluka m'masunagoge n'kupita kunkhondo.

Mpukutu wolembedwa ndi manja

Loweruka m'mawa, pemphero la gulu limafuna akuluakulu osachepera khumi. Amuna amafunda nsalu ya mphonje, tallit, ndipo mpingo umayang'ana ku Jerusalem. Pachimake, mpukutu wa Torah, womwe ndi mabuku asanu a Mose, umatulutsidwa m'kabati yopatulika. Umalembedwa ndi manja pa chikopa, zilembo 304,805, ndipo wowerenga amalondola mizere ndi kandodo kuti asakhudze chikopacho ndi chala.

Torah inagawidwa zigawo 54 kuti ithe m'chaka chimodzi. Anthu asanu ndi awiri amaitanidwa kutsogolo motsatizana, kenako kumawerengedwa gawo la aneneri. Akhristu amaudziwa mwambowu kuchokera pa Luka 4, pomwe Yesu anawerenga Yesaya m'sunagoge wa kwawo. Mnyamata akakwanitsa zaka 13 amaitanidwa koyamba, ndipo kuyambira pamenepo amadziyankhira yekha pa chilamulo.

Si Ayuda onse amasunga tsikuli mofanana. Kwa a Orthodox amuna ndi akazi amakhala mosiyana, pomwe kwa a Reform amakhalira pamodzi ndipo akazi amatsogolera mapemphero. Mu 1950, gulu la Conservative ku America linalola kupita ku sunagoge pa galimoto. Ku Israel nkhaniyi imalowa m'ndale: ndege za kampani ya El Al siziuluka pa Sabata, koma mu 2019 mzinda wa Tel Aviv unayambitsa mabasi aulere oyenda tsikuli, zomwe zipani zachipembedzo zinatsutsa. Ku South Africa, mkulu wa aphunzitsi achiyuda Warren Goldstein anayambitsa Shabbat Project mu 2013, kupempha Ayuda onse, ngakhale ofooka pa chipembedzo, kuti asunge Sabata limodzi lathunthu pamodzi. Mwambowu unafalikira kumayiko ambiri.

Nyenyezi zikatuluka, banja limatsazikana ndi tsikuli pa mwambo wa havdalah: chikho cha vinyo, zonunkhira zomwe aliyense amanunkhiza, ndi kandulo yoluka yomwe amaizimitsa mu vinyo. Mafoni amayatsidwa, ndipo ku Israel ntchito imayamba Lamulungu m'mawa.

Kumapeto kwa 2023, achinyamata a ku Malawi anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Amene muli pa ulendowu, gulani zofunika Lachisanu dzuwa lisanapendeke, musadalire basi pa Loweruka, ndipo musalowe ndi galimoto m'madera a anthu opembedza kwambiri monga Mea Shearim ku Jerusalem. Mukakumana ndi eni dziko tsikulo, moni wake ndi "Shabbat shalom".