Mbale ya mlimi pa tebulo la mu ofesi

Mu 1818 mmisiri wina wa ku England, William Cubitt, adakonza chigudumu chachikulu chokhala ndi makwerero choti akaidi azipondapo tsiku lonse. Munthu ankangokwera, kukwera, osafika kulikonse. Chinali chilango, ndipo akaidi ankachiopa kwambiri. Papita zaka zoposa 200, ndipo mdzukulu wa chigudumu chija wadzaza m'majimu a ku London, New York ndi Johannesburg. Anthu amalipira mwezi ndi mwezi kuti akathamange pa lamba woyenda ndi magetsi. Ena amawonjezera ndalama ina yolemba mphunzitsi wawowawo, woti aziima pambali, kuwawerengera, kuwakalipira akafuna kupuma, ndi kuwafunsa chimene adya dzulo.

Zimenezi mutamufotokozera bambo wokankha njinga ya makala pamsewu wa Zalewa, angaganize kuti mukumuseka. Iye amanyamuka tambala asanalire, matumba atatu atamangidwa ndi malegeni pakaliyala, ena atawapingasa. Akafika pachitunda amatsika, n'kuika phewa pathumba, mutu pansi, patapata akuterereka pa tala. Thupi lake lilibe mafuta a pamimba ngakhale pang'ono, ndipo minofu ya m'miyendo mwake ndi imene mnyamata wa ku California amaisaka kwa zaka. Komatu palibe amamusirira. Kwathu kuno thukuta ndi mboni ya kusowa. Munthu amapita kusukulu kuti adzasiye khasu, amagula galimoto kuti asiye kuyenda pansi, ndipo bwana akaoneka akuyenda wapansi kuchokera ku Area 47 kupita ku City Centre, anthu amayamba kunong'onezana kuti kapena ntchito yatha.

Thupi lalikulu ndiye satifiketi yathu yoonetsa kuti zinthu zikuyenda. Mkazi akabwera kudzacheza kwawo patatha chaka chikwatiwire, azakhali ake amamugwira pamkono n'kunena kuti, "Eee, mwana wanga, wanenepatu! Bambo akunyumba akukusunga bwino." Mwamuna akamera mimba, anzake amati, "Achimwene, ndalama zayamba kuoneka." Ku America kapena ku Britain mawu oterewa angathetse chibale. Koma tisafulumire kudziseka, chifukwa maganizowa ali ndi pochokera. Ndife anthu odziwa njala ya 1949 kuchokera m'kamwa mwa agogo, ndipo ya 2002 tidaiona ndi maso. Pamwamba pa njala padabwera Edzi, imene m'zaka za m'ma 1990 idasandutsa kuonda kukhala chigamulo cha imfa. Aliyense wotsika thupi ankalozedwa zala, mawu akuti kaliwondewonde ali pakamwa. Mpaka lero munthu amene wachepetsa thupi mwadala amakumana ndi maso a chifundo pamaliro ndi paukwati, ndipo mayi ake amamukokera kuseri: "Undiuze zoona mwanawe, ukudwala chiyani?" Mzungu akataya makilogalamu 10 amalandira m'manja. Mmalawi akataya omwewo ayenera kukonzekera kufotokoza.

Koma matenda sadikira kuti tisinthe maganizo. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi WHO mu 2009 adapeza kuti pa akuluakulu atatu alionse, mmodzi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adaonetsa kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 ndi onenepa kupyola mlingo, m'matauni chiwerengerocho chili chokwera kuposa kumudzi. Kafukufuku yemweyo adapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu ndi opinimbira chifukwa cha kuperewera kwa zakudya. Dziko limodzi, nthawi zina nyumba imodzi, muli mwana wosakula bwino ndi mayi wodwala shuga.

Ine ndimaona kuti pakati pa nkhaniyi pali mbale. Tidachoka kumudzi, khasu tidalisiya komweko, koma mbale ya mlimi tidabwera nayo mutauni. Mitanda itatu ya nsima ili ndi tanthauzo kwa munthu amene waunga mizere kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa pamutu, kapena mayi amene wasenza zigubu za malita 20 kuchokera kumjigo maulendo angapo, kenako n'kugwira munsi kukonola chimanga. Mitanda yomweyo lero ikudyedwa ndi munthu amene chiyambire m'mawa wangoyenda kuchoka pagalimoto kufika pampando wa kompyuta. Ndipo mbaleyo yanenepa. Mgaiwa tidaunyoza kuti ndi wa kundende ndi kusukulu zogonera komweko, n'kusankha ufa woyera. Nkhwani wotendera udalowedwa m'malo ndi ndiwo zosambira m'mafuta. Masana pali chipisi cha pachiwaya, madzulo kanyenya ndi mowa, m'mawa tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mandasi awiri.

Anzathu akunja adasankha kulimbana ndi mbale pogwiritsa ntchito masamu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 katswiri wa ku America, Wilbur Atwater, adayeza mphamvu imene thupi limapeza m'zakudya, ndipo mawerengedwe ake akugwirabe ntchito: galamu imodzi ya chakudya chokhutitsa ngati ufa kapena shuga imapereka makalori 4, ya chakudya chomanga thupi 4, ya mafuta 9. Mzinda wa New York udalamula malo akuluakulu odyera kuti azilemba makalori pa mndandanda wa zakudya mu 2008, ndipo England idachita chimodzimodzi mu 2022 kwa makampani a antchito 250 kapena kuposerapo. Alipo anthu kumeneko amene amayeza mpunga pasikelo ya kukhitchini, n'kulemba m'foni chilichonse cholowa m'kamwa, ngakhale mtedza umodzi.

Njira imeneyi ikafika pakhomo la Mmalawi imapunthwa. Nsima ilibe chikalata chomata pambali. Mtanda wa mayi uyu si wofanana ndi wa mayi uyo, chifukwa chipande chake n'chosiyana, kulimba kwa nsimayo n'kosiyananso. M'makomo ambiri anthu amapisa m'mbale imodzi, ndipo amene angatulutse sikelo pamaso pa apongozi ake adzakhala nkhani ya mudzi wonse mpaka chaka chamawa. Kukana chakudya kwa eni ake ndi mwano, kusiya mkute ndi kunyoza wophika. Ngakhale zili choncho, masamu ochepa chabe ndi okwanira kutsegula maso. Ufa wa chimanga wolemera magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 360. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi pafupifupi 120, ndipo ndi angati amene amathira supuni imodzi yokha? Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga woposa magalamu 30, amene ndi masupuni a tiyi pafupifupi asanu ndi atatu. Tsono munthu wolemera makilogalamu 70 akathamanga makilomita 5 amatentha makalori pafupifupi 350 basi. Mbale imodzi ya chipisi ndi botolo limodzi zimafufuta thukuta lonselo, n'kutsalako chenji.

Apa ndi pamene ambiri amene ayamba majowajowa amagwa mphwayi. Amathamanga mwezi wathunthu, sikelo osasuntha, chifukwa akabwerako amadzipepesa ndi mtanda wachinayi. Ofufuza akunja adazipeza zimenezi m'njira yodabwitsa, ndipo adazipezera kwa anansi athu. Mu 2012 Herman Pontzer ndi anzake adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo pakati pa Ahadza a kumpoto kwa Tanzania, anthu osaka nyama, ofula uchi ndi okumba mizu, amene amayenda mitunda italiitali tsiku lililonse. Aliyense ankayembekezera kuti amatentha makalori ochuluka kuposa wogwira ntchito mu ofesi ku America. Ataganizira kukula kwa matupi awo, zidapezeka kuti amatentha pafupifupi ofanana. Ahadza ndi oonda chifukwa cha zimene amadya ndi kuchuluka kwake. Thupi lili ngati mayi wosunga nkhokwe m'chaka cha chilala: likaona kuti zotuluka zachuluka kapena zolowa zachepa, limayamba kutapa ndi kambale kakang'ono.

Umboni wowawa wa zimenezi udachokera pa wailesi ya kanema. Mu 2004 ku America kudayamba pulogalamu ya The Biggest Loser, mmene anthu onenepa kwambiri ankapikisana kutaya thupi. Ankawatsekera pamalo amodzi, kuwadyetsa pang'ono, ndi kuwathamangitsa maola ambiri patsiku, aphunzitsi akuwazazira kumaso mpaka ena kusanza ndi kukomoka. Mu 2016 gulu la Kevin Hall la ku National Institutes of Health lidatulutsa zimene lidapeza litatsatira anthu 14 mwa opikisanawo. Pampikisano aliyense adataya makilogalamu pafupifupi 58 tikagawa mofanana. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi, pafupifupi 41 mwa makilogalamu amenewo adali atabwerera, ndipo matupi awo ankatentha makalori pafupifupi 500 ochepera patsiku poyerekeza ndi mmene zimayenera kukhalira. Kuthamanga si kufika. Ndimadandaula kuti mbali imeneyi ya kunja, ya nkhanza ndi changu, ndi imene tikutengera msanga. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali otsatsa tiyi wochotsa mimba m'masabata awiri, malamba omanga m'chiuno, ndi aphunzitsi amene maphunziro awo onse ndi chifuwa chawo chotambalala, oti angathe kunyamulitsa zitsulo bambo wa zaka 55 osamufunsa ngati adayezetsapo BP.

Sindikunena kuti kulimbitsa thupi n'kopanda ntchito. Phindu lake lili kwina, kumene sikelo siona. Mu 1953 dokotala Jerry Morris adayerekeza madalaivala ndi makondakitala a mabasi osanjikiza a ku London. Madalaivala ankakhala pampando tsiku lonse, makondakitala ankakwera ndi kutsika makwerero kutolera ndalama, ndipo matenda a mtima adapezeka ochepa pakati pa makondakitala. Lero WHO imalangiza mphindi 150 mpaka 300 pasabata za kuyenda ndawala kapena ntchito ina yopumitsa wefuwefu pang'ono, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Wochita zimenezi amateteza mtima ndi shuga wa m'magazi ngakhale mimba itapanda kuphwa. Ndiponso tisanamizane kuti wakabaza kapena wonyamula matumba a simenti ndi wathanzi chifukwa choti amakhetsa thukuta. Ntchito ya maola 10, yopanda tchuthi, yodya chimodzimodzi tsiku ndi tsiku, imadya msana ndi mawondo. Wa kujimu amasankha kulemera kwa chitsulo, n'kupuma mawa lake. Waganyu sasankha.

Maiko ena adapeza njira zosadalira thumba la munthu. Ku Japan wailesi idayamba kuulutsa masewera a m'mawa mu 1928, ndipo mpaka pano ana asukulu, antchito a m'mafakitale ndi nkhalamba amatambasula manja limodzi kwa mphindi zochepa. Mu 2008 dzikolo lidakhazikitsa lamulo loti anthu a zaka 40 mpaka 74 aziyezedwa m'chiuno chaka ndi chaka, ndipo mwamuna wopyola masentimita 85 kapena mkazi wopyola 90 amaunikidwa n'kupatsidwa uphungu. Ku London mu 2004 kagulu ka anthu kadayamba kuthamanga makilomita 5 Loweruka lililonse m'mawa ku Bushy Park, kwaulere. Mwambo umenewu, wotchedwa parkrun, udafika ku Johannesburg mu 2011 kudzera mwa Bruce Fordyce, katswiri wa mpikisano wothamanga wa Comrades. Ku Kigali, kuyambira 2016, misewu ina imatsekedwa Lamlungu m'mawa, masiku ano kawiri pamwezi, kuti anthu ayende, athamange ndi kupalasa njinga, ndipo pamalo pomwepo amayeza BP ndi shuga kwaulere. Pulezidenti Paul Kagame amaonekako wapansi. Chimene chimandikopa pamenepa ndi chakuti wamkulu akatuluka thukuta pagulu, manyazi a wamng'ono amatha.

Zathu zilipo, kungoti sitizitcha dzina lakunja. Chaka chilichonse mwezi wa July pa phiri la Mulanje pamachitika mpikisano umene udayamba ngati wa onyamula katundu wa alendo okwera phiri. Amanyamukira ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya, n'kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20 umene mlendo amauyenda masiku awiri, opambana n'kuumaliza pasanathe maola atatu. M'makwalala a ku Ndirande ndi ku Kawale anyamata adzitho ali ndi majimu awo kuseri kwa nyumba: simenti youmbidwa m'zitini za penti, payipi pakati, benchi la matabwa, kagalasi kosweka kopachikidwa pakhoma. Amayi akavina chioda kapena chitelele paukwati, kapena akatenga mpira wa manja pabwalo la tchalitchi, amachita zonse zimene mphunzitsi wolipidwa angawalamule, akuseka.

Chovuta n'chakuti mizinda yathu idamangidwira galimoto. Lilongwe ndi yotambalala, misewu yambiri ilibe poyenda apansi, magetsi a mumsewu ndi apa ndi apo, ndipo mayi amene wavala thirauzi yothamangira m'mawa amalandira malikhweru ndi mawu onyansa kuchokera pa siteji ya minibasi. Ambiri amangosiya. Ena apeza nzeru yoyenda m'magulu, asanu kapena khumi, nthawi ya 5 koloko m'mawa, ndipo magulu oterewa akuchuluka ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Amadutsana ndi amayi a madengu a tomato opita kumsika, amene amawayang'ana modabwa kuti anthu onsewa akuthamangira kuti chimanjamanja. Chatsala n'chakuti khonsolo za mizinda ziwakonzere poponda, ndipo iwo akabwerera kunyumba auze wophika kuti mitanda ikhale iwiri, masamba achuluke, ndipo botolo la mafuta lifike kumapeto kwa mwezi.